Timbaula ta Amayi

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinayendetsa kombi,
Mufakose, Copacabana, Mufakose,
mimba ikukula mpaka kupsompsona chiwongolero.
Masana mabanzi anayi, tchipisi, chakumwa chozizira.
Miyendo ntchito yake inali kuponda mabuleki basi.

Lero masitepe khumi a ku Parirenyatwa
ndapuma kawiri powakwera,
wefuwefu ngati galu m'chilimwe.

Dokotala Marufu, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri,
wandipaka mafuta ozizira pachifuwa,
wandionetsa mtima wanga pa kanema:
wotuwa, wotupa, waulesi pofinya,
ngati dzanja lotopa likukama chinkhupule.

Kenako watembenuza khadi langa,
wajambula kanthu konga nyemba, mkati makwinya okhaokha.
Dzina lake, akuti, maitokondiriya.
Ndayesa kulitchula, lilime lapunthwa, taseka tonse.
Akuti: a Kambalame, tingoti timbaula.
Mu mnofu wa mtima tilimo miyandamiyanda,
usiku ndi usana tikuotcha shuga ndi mafuta
kuti mtima upeze mphamvu yogundira.
Koma inu mwathiramo makala onyowa.
Mafuta achuluka, shuga wakanirira pakhomo,
moto wasanduka utsi,
ndipo utsiwo ukudya mbaula zomwe.

Apo ine ndamva msanga.
Injini ikamwa mafuta opyola muyeso
imatsokomola, mapulagi amada bii,
pachitunda imalira kwambiri koma osakwera.

Chandikhalitsa chete n'china.
Akuti timbaula timeneti
munthu salandira kwa bambo ake.
Ndi ta mayi.

Amayi anga, Nachisale,
amene anachoka ku Ntcheu mtolo pamutu,
nawoloka Zambezi pa Tete ine ndili m'mimba,
nachapa zovala za eni ku Avondale mpaka zala kung'aluka,
osadandaula phuma ngakhale tsiku limodzi.
Sanandisiyire nyumba, sanandisiyire munda.
Kani anandisiyira moto,
ine n'kumauthira madzi a shuga zaka zonsezi.

Potuluka ndapeza magetsi azima mumsewu wa Mazowe.
Anyamata a makombi andizindikira:
Mudhara, kwerani, simulipira!
Ndapukusa mutu.
Mapiritsi m'thumba akulira ngati maseche,
akakolo atupa, nsapato zikuluma,
koma ndikutsika wapansi mpaka ku Copacabana,
kuima, kuyenda, kuimanso,
mpweya uliwonse ndikuukoka mosamala
monga mmene ankachitira iwo m'bandakucha wa Juni,
atagwada pakhonde, masaya atafufuma.

Ndikuuzira, amayi.
Sunazime.