Singano Ikafika pa Eyite

Pa sikisite imayenda ngati mwana wokhuta bere,
pikiyapu yanga yoyera, ya chitseko chimodzi chabuluu,
nanazi wa ku Muloza ali tho kumbuyo.
Koma tikangodutsa pa Chitakale, msewu n'kuwongoka,
singano n'kukhudza eyite,
chiwongolero chimayamba kuphiriphitha m'manja
ngati nkhuku yomwe yaona mpeni.
M'galasi loonera kumbuyo phiri limasanduka mapiri atatu.
Makobidi a m'kabokosi amayamba kukangana.
Ndikapyola nayinte, zii,
ngati ndimanama.

Mlamu wanga anati ndi mashokabu.
Mnyamata wothira mafuta anati ndi shafuti.
Mkazi wanga anati mwina ndi manja anga,
poti bambo anga anayamba chomwecho:
supuni kugogoda yokha m'kapu,
tiyi kutayikira pa thalauza la ku tchalitchi.
Izo sindinayankhe.

Pa Nkando, kuseri kwa chigayo, pali a Namagowa.
Chala chimodzi chinatsala m'limu ya thirakitala ku esiteti,
zinayi zotsalazo zimamva kuposa makutu.
Sipanala sanaikhudze. Anayamba ndi kufunsa.
"Chimayamba n'chiyani, manja kapena pokhalira?"
Manja.
"Ndiye nthenda ili kutsogolo.
Mukaponda buleki chimakula?"
Ayi.
"Mukachotsa giya, ikamatsetsereka yokha?"
Chilipobe.
"Injini isiyeni, ilibe mlandu."

Jeke anakwera, galimoto inakweza mwendo.
Anagwira tayala pamwamba ndi pansi, gwede gwede, silinagwedere.
Uku ndi uku, lili nga.
"Mabeyaringi ali moyo."
M'limu yakumanzere anapala dothi lofiira louma,
la m'misewu ya m'minda ya tiyi,
lodzadza chikhatho,
ndipo anandionetsa kachipsera
pomwe kamtovu kanali kasanathothoke.
"Ichi ndi chifuwa chabe. Malungo sitinawapeze."

Lakumanja analizunguza, choko atachigwira chilili pambali.
Choko chinalemba, n'kusiya, n'kulemba, n'kusiya.
Anatsinzina,
n'kuyendetsa chikhatho pamsana pa tayala
monga achitira anamwino pamimba ya woyembekezera,
mpaka anaima.
"Bwerani. Ikani dzanja apa."

Chotupa. Chaching'ono ngati theka la peyala.
Ndi maso sindikanachiona,
mapanga a tayala anali akadali akuya, okongola.
"Mawaya anaduka m'kati. Munagwera m'dzenje?"
Ndinakumbuka la pafupi ndi mlatho wa Thuchila,
usiku wa mvula, matumba khumi a feteleza.
"Nanga munaligula kuti?"
Ku Limbe, pa kaunjika, theka la mtengo.
Anapukuta m'mbali ndi malovu, nawerenga manambala anayi.
"Ili ndi lalikulu kwa mwana wanu wa sitandade faifi.
Likanaphulika potsetsereka ku Midima
tikanatola nanazi ndi inu pamodzi."

Tinaika la sipeya.
Anati ndikafika m'tauni ndikalipimitse pa makina,
ndigulenso latsopano, lonunkha sitolo,
ngakhale thumba lilire.
Ndinalipira ndalama ndi nanazi anayi.
Anasankha okha, akumuomba ndi chala m'modzim'modzi,
kumvetsera ngati matayala.

Ndinalowanso mu msewu dzuwa litapendeka.
Fifite. Sikisite. Njinga ya makala, ndinaipatuka.
Sevente.
Eyite.
Makobidi ali chete.
M'galasi phiri ndi limodzi, mtambo uli pamutu.

Pamenepo ndinachotsa dzanja lamanja pa chiwongolero,
ndinalitambasula patsogolo panga, zala zili balala,
ngati mmene adokotala anawauzira bambo ku chipatala cha boma.
Ndinaliyang'ana kuyambira pa chikwangwani cha sukulu
mpaka pa mtengo wa bulugamu wopsa ndi mphenzi.

Linali phee.
Chala chaching'ono chokha,
koma mwina ndi mphepo ya pawindo.