Padenga ku Kamwala

Gwira makwererowa, Zelipa, mwendo umodzi ndi wachidule.
Usayang'ane pansi. Yang'ana kabokosi kotuwa ako
kakhala pamlongoti ngati nkhunda yosochera.
Timakatcha polowera.
Sikadziwa zambiri, kamangotsegula khomo mumphepo
kuti mafoni a m'sitolo ya a Khondowe adutse.

Wodziwa njira ndi rauta, pansi paja,
kuseri kwa mabelo a zitenje, fumbi lili mbuu.
Iyeyo ndi kondakitala wa ku Kulima Tawa:
kuona katundu, kuwerenga adiresi,
iwe Matero, iwe Chilenje, kwera msanga.
Ndipo uthenga wako sukwera basi imodzi ayi.
Umang'ambidwa tizidutswa, timapaketi,
kalikonse nambala yake pamphumi,
n'kukakumana kutsogolo ngati abale pamaliro.
Kamodzi kakasowa amakaitananso.

Unandifunsa dzulo
bwanji intaneti ikukwawa timizere tonse tinayi titadzaza.
Timizere ndi kufuula chabe, mwanawe.
Munthu akhoza kufuula m'thumba mulibe kanthu.
Funsa kukula kwa msewu, funsanso kuchedwa kwake,
ziwirizi si mapasa.
Lumumba ndi msewu wotambalala,
koma kaime pamenepo anthu akamaweruka
uone malole akununkhizana kumbuyo mpaka mdima.

Ndawerenga manetiweki makumi atatu ndi anayi pano pokha,
ambiri athithikana pa tchanelo sikisi
ngati ogulitsa matimati ku Soweto,
aliyense mtengo wake, palibe womva mnzake.
Ife tisamukire pa leveni. Kuli phee, kwa lero.

Dzina la netiweki yathu a Khondowe anasankha okha:
Lipira Ngongole.
Pasiwedi anailemba ndi choko pachitseko
kuti asaiwale,
ndiye wometa tsitsi wa kutsidyaku wakhala akuonera mpira
miyezi isanu, pa ndalama za mdalayu.
Usaseke kwambiri, makwerero akugwedera.
Mpanda wamoto ndi mlonda wabwino,
koma mlonda atani mwini nyumba akagawa makiyi pamsewu?

Makina sadziwa mayina, Zelipa.
Ukalemba dzina la tsamba
pali seva ina imene imatsegula kaundula wake
n'kusandutsa dzinalo manambala.
Kaundulayo akadwala, dziko lonse lilipo ndithu,
koma palibe amene ungamutchule.

Aa. Magetsi apita.
Tamvera majenereta akutsokomola mmodzimmodzi
kuyambira kuno mpaka ku Kabwata.
Tikhale kaye pamalatapa, batire litigwirira mphindi makumi awiri.

Mawu amene ndimawakonda ndi pingi.
Umangogogoda: kodi mulipo?
Winayo akayankha, makina amakuuza nthawi imene yankho layenda.
Palibe nkhani, palibe moni wautali,
kungodziwa kuti kutsidya kuli wamoyo.
Mwana wanga Masauso anapita ku migodi chaka chachitatu chino.
Lamulungu lililonse ndimagogoda.
Kachizindikiro kamodzi kotuwa,
nthawi zina tiwiri.
Pantchito pano tikagogoda kanayi osayankhidwa
timalemba kuti nthawi yatha, n'kuyang'ana chingwe.
Kunyumba sindinapeze chingwe choti ndiyang'ane.

Basi, zisiye izo.
Taona kumene mbale yathu yaloza.
Mwezi watha inkaonana maso ndi maso ndi mlongoti wa m'tauni,
lero pakati paima thanki lobiriwira la madzi,
malita zikwi zisanu, a nyumba iyo aliimika Loweruka.
Mafunde athu amamira m'madzi ngati mchere.
Masiku atatu ndakhala ndikunyoza rauta wosalakwa.

Lemba m'kope lako, ndi cholembera osati pafoni:
usanatsegule kompyuta, kwera padenga.
Tikweza mlongoti mikono iwiri.
Tsika bwinobwino, phazi lamanzere poyamba,
ukanditengere sipanala ya teni
ndi waya uja tinasiya pa kauntala.
A Khondowe akafunsa, uwauze kuti chisanafike chakudya chamasana,
ndipo afufute chitseko chija.