Makumi Anayi ndi Ziwiri

Ku Valparaíso chifunga chimakwera usiku
kuchoka padoko kunka kumapiri.
Ine ndimatsika, masitepe makumi awiri,
kukalowa m'chipinda chopanda zenera
pansi pa mapazi a madokotala.

Odwala sindiwadziwa nkhope.
Ndimawadziwa ndi zimene asiya pazitsulo:
magazi ouma m'mano a chopanira,
kachidutswa ka fupa kobisala pamfundo ya sizasi,
mafuta achikasu omata ngati phula.

Mayi Fresia Huenchual, amene anandiphunzitsa,
ankati: yamba ndi madzi ozizira, mwana iwe,
otentha amaphika magazi, amakanirira.
Chilichonse uchiyasamulitse.
Chitsulo chotseka pakamwa chabisa kanthu.
Anapuma ntchito zala zitapindika,
koma kaburashi kawo kakadali m'kabati,
kothothoka ngati mutu wa nkhalamba.

Lero thireyi ya Dokotala Arancibia
yatsika cha m'ma thu koloko.
Inakwera ndi zida makumi anayi ndi ziwiri.
Ndawerenga: makumi anayi ndi chimodzi.
Ndawerenganso, chala chikunjenjemera m'golovesi.
Mtima myuu.
Kumwambako munthu wasokedwa kale,
ali m'tulo ta mankhwala,
mkazi wake pabenchi wafumbata khofi wozizira.
Ndaimba lamya. Ximena wayankha motopa,
kenako zii,
kenako mgugu wa nsapato,
matumba a nsalu zakuda akukhuthulidwa pansi.

Mphindi zisanu ndi zinayi. Nazonso ndawerenga.

Kapezeka. Kachopanira mitsempha,
kanaluma mphepete mwa nsalu yobiriwira
osafuna kutaya.
Ximena watsika nako yekha
m'manja awiri, ngati mwana wa mbalame.
Sitinaseke. Wangokaponya m'madzi, chubwi,
n'kutsamira khoma.

Ndakatsuka katatu.
Pansi pa galasi lokulitsa ndaona mng'alu
wopyapyala kuposa tsitsi,
pomwe dzimbiri likanatsegula munda wake.
Ndakamanga kansalu kofiira. Kapume.
Ndatenga katsopano,
dontho limodzi la mafuta pamfundo,
ndakatsegula, ndakatseka, khutu tcheru:
kete, kete, kete.
Sizasi ndaiyesa pansalu yonyowa,
yadula osatafuna.

Tsopano ng'anjo ya nthunzi yameza zonse,
ikupuma mwaphuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.
Mizere ya patepi ikada bii
ndidzalemba dzina langa m'buku
limene wodwala sadzaliona.

M'mawa ndikamakwera phiri la Barón,
sitima zikulira kumunsi,
manja akununkha sopo ndi labala,
wina adzatsegula maso ali ndi ludzu.
Adzathokoza dokotala, adzathokoza Mulungu.
Zili bwino choncho.
Ntchito yanga ikayenda
palibe chimene chimachitika:
bala limangouma,
thupi silitentha,
munthu amabwerera kwawo
kukakangana ndi ana ake
za amene wasiya geti losatseka.