Buku la Pansi pa Mpando

Ndinalitola Lachinayi ndikutseka holo,
pansi pa mpando wa mzere wachitatu,
pambali pa khoko la nthochi ndi sokosi imodzi.
Pachikuto mtsikana wagwira chinsalu chofiira cha pasiteji,
tsitsi likuuluzika chonsecho ali m'nyumba.

Kunja mvula ya ku Huddersfield inali pantchito yake.
Basi ya ku Fartown inali itandisiya,
ndiye ndinakhala m'kachipinda ka matsache
n'kulitsegula.

Tsamba lachisanu, mtima wa mtsikanayu wagunda ngati ng'oma.
Lachisanu ndi chinayi, wagundanso.
Pofika pakati ndinaleka kuwerenga nkhani,
ndinkangowerenga ng'omazo:
makumi awiri ndi zitatu.
Mwana wa eni ake, thamangirani naye kuchipatala.

Mnyamata wake ndi wa maso obiriwira.
Tauzidwa. Tauzidwanso.
Sayenda, amangotsamira zitseko.
Ndipo ana onse m'bukumu amanena za kumtima mosaphonya
ngati mboni m'khoti:
"Ndakwiya chifukwa bambo anga sandimvetsa."
Ndi mwana wa ndani ananenapo zotere?
Wanga Sungeni akakwiya amati "palibe"
n'kumenyetsa chitseko cha firiji.

Zaka khumi ndi chimodzi ndasesa siteji ino.
Ndikulidziwa thabwa limene limalira
pamene munthu akufa m'sewero.
Chinsalu chathu chimakanirira chitatsala pang'ono kutseka,
a Pickersgill amachikoka akutukwana chamumtima.
Chaka chatha Rukhsana anasanzira m'ndowa yanga,
anapukuta pakamwa ndi mkono wa diresi yaufumu,
analowa,
ndipo a kumbuyo analeka kufwafwaza mapepala a maswiti.
Declan anali ndi mawu atatu okha,
"Galeta lafika, bwana,"
miyezi itatu akuwaloweza m'makolido.
Tsikulo anangoti kukamwa yasa,
kenaka anawerama mwaulemu n'kutuluka.
Agogo ake aamuna anaomba m'manja okha, nthawi yaitali.

M'buku muno palibe woiwala mawu.
Mulibe fungo la m'khwapa
la majekete ovalidwa ndi mibadwo isanu ndi umodzi,
mulibe penti yosauma ya mtengo wa katoni.
Wodzikonda uja athyoka mwendo pa tsiku loyenera,
wathuyu alowa m'malo mwake osayeserera n'komwe,
holo yonse iimirira, misozi mbwee,
maso obiriwira aja atsamira chitseko chomaliza.
Basi, latha.
Nanga mipando?
Mazana awiri ndi makumi anayi.
Anasanja ndani?

M'mawa mwake kunabwera kamtsikana kogogoda ndi chala chimodzi,
Bethan, uja amagwirira mtengo wa katoni kumbuyo kuti usagwe,
amene omvera amangomuona nsapato.
Chigamulo changa chinali kale pa lilime,
chakupsa, chothira mchere.
Iye analilanda n'kulikumbatira ngati botolo la madzi otentha.
Akuti waliwerenga kanayi.
Akuti ndi lomwe linamulembetsa dzina pa chitseko cha a Pickersgill,
iye amene m'kalasi satukula dzanja.
Ndinafunsa pamene amapakonda.
Anatsegula pamene pepala lafewa ndi zala:
tsamba lachisanu ndi chinayi.

Ndinameza.

Sindinasinthe maganizo, bukulo ndi lofooka,
ndipo wolembayo ndikadamuona ndikadamupatsa tsache
kuti akhale nafe kuno mpaka sewero lidzathe.
Koma usiku woyamba, ndili m'mbali ndi ndowa yanga,
ndinamuona Bethan mumdima kuseri kwa mtengo wake,
dzanja limodzi pa katoni,
linalo pachifuwa, akumvetsera.

Chinsalu chinakanirira pamalo pake pomwe paja.
Anthu atapita ndinayamba ndi mzere wakumbuyo,
isanuisanu.