Zikhadabo

Ndi folo koloko masana, koma kuno ku Halifax kwada kale.
Chisanu chamata magalasi.
Anzanga ali kutchalitchi, akuimba za khanda la m'khola,
ine ndagwada m'chipinda cha nambala naini
ndi beseni la madzi ofunda,
phazi la Bambo Ackroyd lili m'manja mwanga,
lopepuka ngati chitsononkho.

Dzina la mkazi wawo analiiwala.
Anaiwalanso kuti fakitale ya ubweya inatsekedwa kalekale,
m'mawa uliwonse amandifunsa nsapato za kuntchito.
Koma zikhadabo siziiwala kukula.
Zimangokula, zachikasu, zolimba ngati nyanga ya mbuzi,
ndipo woziwenga ndine.

Ndili mtsikana ku Nsipe,
a Dzinyemba ankatiponyera funso, ndodo ili m'khwapa:
Mpulumutsi ndani?
Ife, ngati achule a m'dambo:
Mulungu ndithu, munthu ndithu!
Mayeso ndinakhoza. Ndinabatizidwa ndi diresi lobwereka.
Mawuwo ndinawameza osatafuna,
ndipo akhala m'mimba zaka makumi atatu.

Dzulo tikusintha zofunda, Saima anandifunsa,
osati mwachipongwe, iye ndi munthu wa mapemphero kuposa ine:
Wamkulukulu uja, mwini thambo,
angafunenso womupukuta?
Ndinali nditanyamula thewera lonyowa.
Ndinasowa chonena. Ndinapita kukalitaya.

Yankho landipeza lero, pansi pano.
Iye amene anayala mlalang'amba
anali ndi zikhadabo.
Ali khanda, mayi ake ankaziluma ndi mano
kuti asadzikande kumaso.
Mano akumera analira usiku wonse,
oyandikana nawo n'kumatembenuka pamphasa.
Atakula, utuchi unkalowa m'zikhadabomo.
Mwina nyundo inaphonya tsiku lina,
chala n'kuda bii, iye n'kuchiyamwa
monga achitira mmisiri aliyense.

Sanabwere ngati oyendera a boma aja,
amene amafika ndi fayilo, kununkhiza m'makonde,
kufunsa ngati nkhalamba zikudya bwino,
n'kukwera galimoto dzuwa lisanalowe.
Sanavale thupi ngati yunifomu yangayi
imene ndimavula shifiti ikatha.
Si theka ili, theka ilo,
ngati tiyi wa kuno wochuluka mkaka.
Yense Mulungu. Yense munthu.
Masamu ake sindiwatha,
ine amene ndimatha kugawa malipiro amodzi
pakati pa lendi, basi, ndi fizi ya ana awiri ku Balaka.

Chimene ndikudziwa ndi ichi:
akadakhala Mulungu chabe,
ndikadachita manyazi kumuuza za msana wangawu,
za magolovesi onunkha, za kulira m'bafa mwakachetechete.
Akadakhala munthu chabe,
tikadangolira limodzi
ngati amayi awiri pa siwa,
kukacha aliyense n'kunyamula chitenje chake.

Koma amati atadzuka sanalisiye thupilo m'manda
ngati malaya othaitha.
Anapita nalo, zipsera ndi zonse.
Ndiye kuti kumwambako, pakati pa kuwala kosaneneka,
pali phazi.
Pali chidendene chimene chinang'ambikapo ndi fumbi.

Ndapukuta pakati pa zala, chimodzichimodzi.
Ndadzoza mafuta pa khungu lopyapyala ngati la anyezi.
Bambo Ackroyd aika dzanja pamutu panga,
akundiitana kuti Doreen.
Sindikudziwa kuti Doreen anali ndani.
Ndavomera.

Zowengazo ndazikulunga m'kapepala.
N'zopita ku bini, ndikudziwa,
koma ndaima nazo kaye pawindo,
kuyang'ana magetsi a Khirisimasi
akuphethira m'mvula, kutsetsereka ndi phiri.
Belu la nambala leveni likulira.
Basi yanga ndi ya eyiti.