Masekondi Khumi ndi Anayi

Anandiitana ku Tete mwezi wa Novembala,
nthawi imene phula limanata ku nsapato
ndipo ngakhale mbuzi za ku Matundo zimakana kuwoloka msewu.
Kalata inati: Injiniya Felizarda Kachingwe,
mudzatiunikire za magetsi a m'chigawo chino.
Mphindi makumi awiri. Musachulutse manambala.

Ndinanyamula manambala omwewo.

M'chipindamo munali kuzizira kochita kugula.
Akuluakulu asanu ndi awiri, onse m'majekete,
aliyense ndi botolo lake la madzi losatsekula.
Wapampando, a Anselmo Chadreka,
anali atalemba kale papepala kuti "nthambo zatsopano"
n'kuzunguliza mawuwo kawiri.

Ndinati, akuluakulu, magetsi alibe nkhokwe.
Wowotcherera zitsulo akayatsa makina ku Moatize,
ku Songo amamva nthawi yomweyo.
Mtima wa nthambo umagunda kamakumi asanu pa sekondi;
ukangofooka pang'ono, ife tulo timatiiwala.
Zambezi musamunene, iye ntchito akugwira.
Wodwala ndi thiransifoma ya ku Domwe,
imene yasenza katundu wa anzake atatu
chimalizireni ine sukulu.
Ndi mapolo amene chiswe chadya m'kati, kunja akadali bwinobwino.
Ndi galimoto imodzi ya amisiri asanu ndi mmodzi,
matayala ake osalala ngati...
ndinaona mutu wa wapampando, fanizolo ndinalimeza.

Wina wa tayi yofiira anakweza cholembera:
Nanga thiransifoma yongokhala m'sitolo kudikira tsoka,
imeneyo riboni timaidulira pati?
Anaseka. Nanenso ndinaseka, poti ndili ndi ana kusukulu.

Ndiye thi! Mdima.

Makina ozizitsa anapuma mpweya wotsiriza.
Chithunzi changa cha mizere yofiira chinazimirira pakhoma.
Ndinayamba kuwerenga chamumtima, ndi matenda a ntchito yathu:
imodzi, ziwiri, zitatu.
Wina anagwetsa botolo, linagubuduka osapeza poima.
Zisanu. Kutentha kunalowera kunsi kwa chitseko
ngati mwininyumba wobwera kudzatenga lendi.
Zisanu ndi zitatu.
Ndinaona mng'ono wanga Jenoveva, mzamba,
foni ataluma ndi mano kuti iunikire,
manja onse awiri ali pa kamutu koterera,
malovu akutsikira m'khosi mwake, alibe dzanja lopukutira.
Khumi ndi chimodzi.
Pakamwa panga panayankhula pokha, mopanda ulemu wa pamsonkhano:
Ku Domwe zimenezi zinakhala masiku asanu ndi anayi.
Katemera tinakamukwirira kuseri kwa chipatala.

Palibe anatsokomola.

Jenereta ndi imene inatsokomola, kuseri kwa nyumba,
nyali zinaphethira, nkhope zinabwerera m'makolala mwake.
Tapulumuka, anatero a Chadreka, nayang'ana wotchi.
Mlembi analemba: Msonkhano wamva malangizo a katswiri.
Kenaka tiyi ndi mabisiketi.

Ndikanakhala ndi mphamvu pa jenereta ija
ndikanaichedwetsa mphindi imodzi yokha.
Mulungu andikhululukire, ndikudziwa waya woti ndikanamasula.

Pa masitepe anandipeza mayi wa zachuma,
a Lukresiya Sandramo, amene tsiku lonse sananene kanthu.
Anapisa m'chikwama, natulutsa lisiti la mankhwala a shuga,
nalitembenuza.
Lembani apa, anatero. Mathiransifoma angati, matayala angati.
Osalemba za kumwamba. Mtengo wake weniweni.
Ndinalemba nditatsamiza pepala pa bondo.
Analipinda kanayi, naliika pamodzi ndi makiyi,
osalonjeza kanthu.

Madzulo minibasi yathu inakwawa pa mlatho,
thumba la bakayawo la munthu wina lili pa mapazi anga.
Kumanzere, kutali, nsanja zachitsulo zinali pa mzere,
zitanyamula moto wa mtsinje pamapewa
kupitirira midzi imene yayamba kale kuyatsa koloboyi.
Foni inanjenjemera. Jenoveva:
Avomera?

Ndinalemba, ndinafufuta.
Ndinalemba: Tchaja foni pamene alipo.