Makina a Che Twaibu

Mwa zonse zimene bambo anasiya,
ngongole ziwiri, chisoti cha ku mzikiti, njinga yopanda tcheni,
ndinasankha makina osokera,
poti fizi ya Sakina sidikira kuti misozi iume.

Pa msika wa pa boma anandipatsa mitengo yochititsa manyazi.
Wina anagogoda chitsulo ndi chala
ngati akusankha chivwende,
nati, "Zakale izi, ndingokuthandiza."
Ndinawabweza kwa Mpondasi pa kabaza,
ine ndikuyenda pambali, nditagwira mwendo umodzi.

Jafali wometa, amene anakhalako ku Joni zaka zisanu,
ndiye anandionetsa okushoni ya pa foni.
"Kumeneko kulibe wokudziwa," anatero, lumo lili m'manja,
"kulibe wokumvera chisoni, kulibenso wokuponda pakhosi.
Koma usaname, mphwanga.
Bodza la pa intaneti limabwerera pa basi."

Ndinawatulutsa m'mawa, dzuwa lisanapse mtima,
ndinapachika nsalu yoyera kumbuyo kwake
kuti nkhuku ndi ndowa yobooka zisalowe m'chithunzi.
Zithunzi zisanu.
Chachisanu ndi chimodzi ndinazengereza nacho:
mng'alu wa pa thabwa,
pamene bambo anamenya chibakera
tsiku limene mkwati anathawa ndi suti osalipira.
Ndinajambula basi.
Ndinalemba kuti thabwa ndi long'aluka,
lamba ndi watsopano, singano sidumpha.

Mtengo woyambira ndinauika pansi,
pansi moti mayi anagwira pakamwa.
"Bambo ako ukuwagulitsa ngati tomato wolala?"

Masiku atatu, zii.
Bandulo ikutha,
ine ndikungosuzumira ngati mlimi wa mu Okutobala.

Lachinayi munthu wa ku Limbe anafunsa ngati amasoka jinzi.
Ndinang'amba thalauzi langa lakale, ndinasoka, ndinamutumizira
asanamalize kumwa tiyi.
Lachisanu, tikutuluka ku Juma,
foni inanjenjemera m'thumba:
zikwi makumi asanu ndi limodzi.
Kenaka mayi wina wa ku Mzuzu, NyaGondwe,
anaponyapo zake osafunsa kanthu.

Lamlungu usiku, patatsala mphindi makumi awiri,
magetsi anathima.
Batire inali itafiira kale.
Ndinathamanga opanda nsapato, agalu akundiperekeza,
mpaka pa shopu ya Jafali pamene pali sola.
Tinaunjikana anthu asanu ndi awiri pa galasi limodzi losweka,
wina tsitsi lometedwa theka.

Zikwi zana.
Wa ku Limbe waonjeza.
NyaGondwe waonjeza.
Wa ku Limbe wakhala chete, wakhala chete,
waonjezanso!
Anthu awiri osadziwana, osandidziwa,
akukokerana thukuta la bambo anga
usiku wa mdima, kudutsa m'mlengalenga.
Itatsala mphindi imodzi netiweki inazungulira,
inazungulira,
palibe anapuma.

Zikwi zana ndi makumi asanu ndi atatu.
NyaGondwe.

M'mawa ndinakhuthula kabati kake:
mabatani osafanana, tepi yofufutika manambala,
kachidutswa ka choko chobiriwira.
Chokocho ndinabwezeramo.
Ndinakulunga mutu wa makina m'bulangete,
katoni, saka, chingwe cha mphira,
dzina ndi nambala mbali zonse zinayi,
ndipo pa depoti kondakitala ndinamujambula nkhope
iye akuseka.

Patatha sabata kunabwera nyenyezi zisanu
ndi chithunzi cha yunifolomu ya mwana wa sukulu.
Pansi pake analemba kuti:
"Mng'alu uja ndauona.
Ndimasungamo mapini."

Sakina ali m'kalasi.
Tsopano ndikujambula njinga ija,
ndipo ndalemba kale kuti tcheni palibe.

Koma pakhonde patsala timaenje tinayi
pamene miyendo yachitsulo inaima zaka makumi atatu.
Mayi akamazira, amatilambalala.